Kanema wa M'shedi ya Makala

Ine ndine telala. Ndimasokera pakhonde la nyumba yanga moyang'ana kumsewu, ndipo aliyense amene anavalapo diresi lotuluka m'manja mwanga angakuuzeni kuti si ine munthu wovutika. Kulemera sindinalemere, ayi. Koma nyumba ndi ya njerwa zootcha, pansi pali simenti yofiira imene ndimaipaka polishi mpaka mlendo kuyenda mogwira khoma, pabalaza pali masofa ndi kabati ya magalasi, ndipo mwana wanga ali ndi bedi lakelake, matiresi ake ndi neti yake. Ndayamba ndi kutchula katundu dala, chifukwa kunja kuno kuli anthu ambirimbiri, ena oti sindidzawaona mpaka kufa, amene amadziwa motsimikiza kuti mwana wanga ankagona pa chiguduli m'shedi ya makala.

Mwanayo ndi mmodzi yekhayo, wamkazi. Timamutcha Kadona chifukwa kuyambira akukwawa ankakana kukhala pansi popanda choyala. Bambo ake anapita kumzinda waukulu kukafuna ntchito, ntchito anaipeza, n'kutolanso mkazi wina panjira. Mwana anandisiyira, koma osati ndi mtima wonse. Kumzinda komweko kuli mchemwali wawo, alamu anga, mayi wa nyumba yampanda ndi galimoto, amene ana awo onse anakula n'kubalalika. Chaka chilichonse alamuwo ankatumiza mawu akuti mwana wa achimwene awo angaphunzire bwino atakhala kwa iwo. Maphunziro ake ine ndinkawadziwa: m'nyumba yaikulu ngati ija chokolopera sichiyenda chokha. Titakangana mokwanira, abale a mbali zonse anagamula kuti Kadona akhale ndi mayi ake bola azisamalidwa bwino. "Bola" ameneyo ndinkagona naye n'kudzuka naye. N'chifukwa chake yunifolomu ya mwana wanga inkasitidwa kuposa malaya a aphunzitsi ake.

Ndiye kusukulu kwawo kunabwera bungwe lophunzitsa ana kujambula kanema. Linabweretsa makamera awiri, laputopu, ndi mnyamata wina wa ndevu zometedwa mwaluso amene ana anamupatsa dzina loti a Zumu, poti mawu oti "zumu", okokera chithunzi pafupi, sankachoka pakamwa pake. A Zumu ankavala kajekete kopanda manja kokhala ndi matumba paliponse, pachifuwa, m'nthiti, mpaka kumsana. Diso la telala silinama, matumba ambiri anali opanda kanthu.

Makolo anatiitana kumsonkhano, tinapanikizana pa madesiki a ana, mawondo ali kukhosi. A Zumu anati iwo abwera kudzapatsa ana athu mawu. Bambo wina kumbuyo anayankha kuti wake mawu ali nawo kale ochuluka, ngati alipo wofuna akhoza kudzatapako, koma aphunzitsi aakulu anamuyang'ana ndi diso limodzi nkhani n'kuthera pomwepo. Wina anafunsa ngati makamerawo azibwerekedwa pa maukwati. Kenako anati tionere chitsanzo cha zimene ana a kwina anajambula, ndipo atangoyatsa, magetsi anazima. Aphunzitsi aakulu anayamba kuomba m'manja, ife tonse n'kuombera khoma lopanda kanthu. Pomaliza anatchula ana amene asankhidwa kulowa m'kalabu ya kanema, ndipo Kadona anali woyamba.

Pamenepa ndinene zoona, mwanayo zinamuyanja. Ankabwera kunyumba atapanga kabokosi ndi zala, n'kumandisuzumira m'menemo ine ndikudula nsalu. Anaphunzira kugwada kuti ajambule chinthu chili pansi, kuyandikira m'malo mokokera patali, kudikira munthu amalize kulankhula. Chomalizachi ndinathokoza nacho kwambiri, poti ine ndinali nditalephera kumuphunzitsa. Tsiku lina anabwereka kamera ya kusukulu n'kujambula mapazi anga akupalasa makina, kenako singano ikulowa ndi kutuluka, kenako ulusi ukutha pa bobini. Atandionetsa ndinamuuza kuti abwerezenso. Zaka zonsezi ndikusoka, sindinkadziwa kuti ntchito yanga imaoneka bwino chonchi. Ndinanyada, ndipo ndinauza aliyense wobwera kudzayesa zovala, ofuna kumva ndi osafuna omwe.

Kenako kunabwera mpikisano. Sukulu iliyonse imene bungwelo linkagwirako ntchito inayenera kutumiza kanema wamfupi wonena za moyo wa mwana mmodzi. Wopambana adzalandira laputopu yakeyake ndi malo pa maphunziro a pa holide kumzinda waukulu. Kalabu inasankha Kadona, poti ndiye ankalankhula momveka, ndipo a Zumu anabwera kwathu kudzaona malo ojambulira.

Ndinawalandira pabalaza. Anayang'ana masofa anga mmene adokotala amayang'anira chotupa. Anayang'ana kabati, makatani, wailesi yakanema, n'kupumira m'mwamba. Kuchipinda kwa Kadona anangosuzumira pakhomo n'kubwerera. Akuti nyumba ndi yabwino kwambiri, koma ilibe nkhani. Ine ndinadabwa, chifukwa panyumba imeneyi njerwa iliyonse ili ndi nkhani yake, ndikanati ndiwakhazike pansi akanachita kupempha okha kuti ndilekeze. Koma iwo anali atatulukira kale khomo lakuseri, ndipo kumeneko anakumana ndi shedi imene ndimasungamo makala, makasu othyoka ndi njinga yakufa ya bambo a Kadona. Malata ake ndi adzimbiri, obookabooka, dzuwa limalowa timizeremizere. A Zumu anaima pakhomo pake akumwetulira okhaokha.

Anandifotokozera mofatsa kwambiri, mwina poona kuti mutu wa telala sufulumira. Anthu amene amatumiza makamera, akuti, amakhala kutali ndipo ndi otanganidwa. Kanema amaonera pafoni, chala chitakonzeka kale kupita pa wina. Akangoona sofa, basi, apitirira. Akuti si kunama ayi, koma kuthandiza choonadi kuti chioneke, poti ana ogona malo otere alipodi, ndipo Kadona akhala akuwalankhulira. Ndinafunsa kuti nanga bwanji osakajambula anawo, poti ena ndikuwadziwa, amadutsa pano tsiku ndi tsiku. A Zumu anakanda ndevu. Ana amenewo, akuti, ndi amanyazi, amalankhulira pansi, ndipo makolo awo akaona kamera amayamba kupempha zinthu. Komanso m'kalabu mulibe ngakhale mmodzi, chifukwa aphunzitsi aakulu anasankha ana a m'manja moyera kuti makamera asade.

"Nanga adzaonere ndani kanemayu?" ndinafunsa.

"Anthu akunja okhaokha, mayi. Mu ofesi. Kuno safika n'komwe."

Kadona anali ataima kumbuyo kwawo atalumikiza manja pachifuwa, maso ali pa ine. Mwana woti sanandivutitsepo ngakhale ndi nsapato za fasho. Ndinavomera kuti ajambulire m'shedimo.

Poti m'nyumba muli telala, chovala cha mu kanema anandipatsa ine kuti ndikonze. Ndinatenga diresi lakale la Kadona, ndinaling'amba paphewa ndi m'munsi, n'kuikamo zigamba. A Zumu analibweza. Akuti zigamba zakhala bwino kwambiri, ngodya zake zalunjika, munthu akhoza kuganiza kuti ndi sitayelo. Ndinasula n'kuyambiranso. Anthuni, kusoka moipa ndi ntchito. Dzanja limakana. Ndinachita kugwira singano ndi dzanja lamanzere, ulusi wofiira pa nsalu yobiriwira, ndikusokera kuchipinda chitseko chili chotseka kuopa makasitomala angandione. Nditamaliza ndinalipukutira pansi pa mbaula. A Zumu anati sanaonepo telala waluso ngati ine, ndipo ine, wopusa ine, ndinati zikomo.

Tsiku lojambula ana anadzaza bwalo langa, aliyense ndi udindo wake. Wina ananyamula maikolofoni yomangirira ku mtengo wa tsache, wina katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira yobwezera dzuwa, wina ntchito yake inali kuuza anthu odutsa kuti akhale chete m'msewu wa boma. Anagwira ntchito mwadongosolo moti ndinalakalaka akanakhala ondithandiza kusoka. Makala anawakankhira pakona, anayala chiguduli, Kadona anagonapo. Anadzuka, anatikita m'maso, anayatsa kanyale ka chitini, anatsegula buku. A Zumu anati abwereze, wadzuka mwamphamvu kwambiri, zikuoneka kuti dzulo anadya. Anabwereza. Kenako anamusenzetsa ndowa kuchokera kumapeto kwa msewu, mpope wanga uli pabwalo pomwepo atauvindikira ndi dengu. Ine anandipempha kuti ndiimitse makina, akuti phokoso lake likumveka lachitukuko.

Anafunanso kuti ndikhale pansi pakhomo la shediyo nditagwira tsaya. Pamenepo ndiye ndinakana, ndinati tsaya langa ndimaligwira ndikafuna ndekha. Sanalimbane nane. Anangowonjezera m'mawu a Kadona kuti amayi ake amalawirira kukafuna maganyu ndipo nthawi zambiri amabwerako chimanjamanja. Pofika pa mawu amenewo mwana wanga anagwetsa misozi, yeniyeni, yopanda anyezi. Anthu atabalalika ndinamufunsa chimene chinamuliza, ndipo anandiyankha akutsuka phulusa m'miyendo kuti anangoganiza zoti a Zumu akhoza kusankha mwana wina.

Kanemayo anapambana. Ndipo anthu akunja a mu ofesi aja anamukonda kwambiri moti anamuika pa intaneti kuti dziko lonse limukonde nawo. Dziko lonselo linayambira pa msewu wathu. Posakhalitsa anali m'foni ya wometa tsitsi, ya wogulitsa mayunitsi, ya mayi aliyense amene ndinamuyezapo m'chiuno. Oyandikana nawo anaseka poyamba, poti shediyo amaidziwa, ena amabwerekamo makasu. Koma kanema ukamuonera kawiri katatu, ndi kanyimbo kachisoni kaja, kuseka kumatha. Ndinayamba kumva m'mphepete kuti zochitika m'nyumba mwa eni palibe amazidziwa. Kasitomala wanga wina wakalekale anabwera ndi jumbo ya zovala zimene mwana wake anasiya kuvala, n'kundipatsira kumbali mwaulemu kuti anthu asaone. Nditatsegula ndinapeza madiresi amene ndinasoka ndekha.

Ndinavala nsapato n'kupita kusukulu. A Zumu ndinawapeza akuphunzitsa ana kulumikiza zidutswa za kanema pa laputopu, ndipo atandiona anauza anawo kuti andiombere m'manja, mayi wa katswiri wafika. Ndinawakokera panja n'kuwauza kuti achotse chinthu chijachi kumene anachiika. Anaseka pang'ono. Akuti intaneti ilibe chofufutira, komanso ndikanadziwa mwayi umene ndili nawo sindikanabwera nkhope itatupa. Anandionetsa timitima tofiira tosawerengeka pansi pa nkhope ya mwana wanga, ndi mauthenga a m'zilankhulo zosiyanasiyana. Uyu akuti walira, uyu akuti akumupempherera, uyu akufunsa kuti mayi wa mwanayu ali kuti. Ndinati mayi wake ndi uyu waima apa ndi tepi m'khosi. A Zumu anati zimenezi zimapita zokha, sabata yamawa anthu adzakhala akulirira mwana wina.

Sabata yamawayo isanafike foni inalira. Bambo a Kadona, munthu woti chaka chimatha osaimba, sanapereke ndi moni womwe. Akuti anzawo a kuntchito awaonetsa kanemayo pa nthawi ya nkhomaliro, n'kuwafunsa ngati mwana wofanana nawo mphuno chonchi si wawo. Ndawayalutsa, akuti. Ndinayesa kufotokoza za mpikisano, za kuthandiza choonadi kuti chioneke, koma mawu a a Zumu m'kamwa mwanga ankamveka ngati a munthu woledzera. Anandidula n'kunena kuti mchemwali wawo akubwera Loweruka kudzaona okha, ndipo chimene anene iwo ndi chomwecho.

Mantha anandigwira, koma osati kwambiri. Ndinati choonadi chili ndi ine, chili ndi miyendo inayi ndi makushoni. Ndinachapa makatani, ndinabwereza polishi, ndinatulutsa makapu a alendo m'kabati, bedi la Kadona ndinayalapo nsalu yatsopano. Mwanayo ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti azakhali akafunsa anene zenizeni, kuti zonse zija zinali sewero, ndipo anandiseka kuti nanga akananena chiyani china. Chimene sindinadziwe n'chakuti alamu anga anali ataimba kale pa nambala imene inali kumapeto kwa kanema, n'kudzitchula kuti ndi azakhali ake a mwana wovutika uja. Kubungweko anavina. Mwana wa mu kanema wawo wapezedwa ndi m'bale wake wopeza bwino, ndipo wamupeza kudzera mu kanema wawo womwewo. Anagwirizana kuti mphoto adzaperekere tsiku lomwelo, zonse zijambulidwe pamodzi.

Motero Loweruka pakhomo panga panaima magalimoto awiri. M'galimoto yoyamba munatuluka alamu anga, chikwama chili pamkono. M'yachiwiri munatuluka a Zumu ndi matumba awo, ana a kalabu ndi zida zawo, ndi abwana a bungwe, mayi wamagalasi wolankhula motsitsa, amene za chiguduli ndi dengu palibe anawauzapo.

Alamu anga analowa pang'onopang'ono, akuyang'ana uku ndi uku. Anakhala pa sofa yaikulu n'kuidina ndi dzanja. Anayang'ana kabati, makatani, n'kudziona nkhope pasimenti. Ine mtima unayamba kukhala m'malo.

"Zonsezi ndi zanu, mlamu?"

"Zanga, alamu. Za thukuta langa."

"Ndiye inu muzikhala chonchi, mwana wa achimwene azigona ku makala?"

Polishi wanga yemwe anandiukira. Ndinawatengera kuchipinda, ndinawaonetsa bedi, neti, mabuku pa shelefu, nsapato zitandandalikidwa m'mbali mwa khoma. Anakoka nsalu ija n'kuinunkhiza, n'kunena kuti ikununkhirabe sitolo, ndipo bedi aliyense amayala akamva kuti kukubwera alendo. Ndinathamangira diresi la mu kanema kuti aone kuti zigambazo zinaikidwa dala, ndi dzanja lamanzere. Analigwira ndi zala ziwiri. Akuti akanamva kuti ndinalitola akanandimvera chisoni, koma telala wathunthu kukhala pansi n'kusokera mwana wake yekhayo chinthu chotere, iwo mawu alibe.

Ndinatembenukira kwa a Zumu kuti anene okha mmene zinayendera. A Zumu anali atapeza kafumbi pagalasi la kamera, ndipo kankafunika kupukutidwa mosamala kwambiri. Nditawaitananso anayankha, maso ali pagalasi pomwepo, kuti iwo ndi mphunzitsi chabe wa luso, kanema ndi mawu a ana eni ake, bungwe siliika mawu m'kamwa mwa mwana. Abwana aja anagwedeza mutu movomereza. Kenako anafotokoza, mwaulemu woti sungawakwiyire, kuti lamulo lawo ndi limodzi: nkhani zikhale zoona. Zikapezeka kuti kanema anali wopeka, mphoto imabwezedwa, kalabu ya pasukulupo imatsekedwa, makamera n'kupita kwina. Koma iwo sakukhulupirira kuti zafika pamenepo. Makolo ambiri, akuti, amachita manyazi, ndipo n'zomveka.

Alamu anga anati palibe chifukwa choti akuluakulu azitaya malovu, mwini nkhani ali pomwepa, afunsidwe.

Kadona anali atamukhazika pa mpando pakati pa balaza, bokosi la laputopu lili pamiyendo lisanatsegulidwe. Kamera inali ikujambula, kagetsi kofiira kakuyaka. Kumbuyo kwa kamerako kunali anzake onse, wa maikolofoni manja ali m'mwamba, ndipo onsewo anali atamva za kutsekedwa kwa kalabu.

"Mwana wanga, usaope munthu," anatero azakhali ake. "Umagona kuti?"

Anandiyang'ana. Anayang'ana bokosi, anayang'ana anzake. Kenako anawongola msana n'kuyang'ana pambali pang'ono pa kamera, monga a Zumu anawaphunzitsira.

"Nthawi zina ku shedi."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu analipo, ambiri, okwana kugwetsa kalabu, bungwe ndi kajekete ka a Zumu komwe. Koma kuti ndiwatulutse ndinayenera kuyamba ndi kunena kuti mwana wanga ndi wabodza, kamera ikujambula, anzake akumva. Ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyirapo chibadwire, ndipo ndinamumvera chisoni kuposa mkwiyowo. Ndinatseka pakamwa. Abwana aja anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndine mayi wolimba mtima.

Zotsalazo zinayenda mwachangu. Alamu anaimbira achimwene awo ali pabalaza panga pomwepo, akumwa tiyi m'kapu yanga ya alendo, n'kuwauza kuti zimene aona n'zoposa za mu kanema. Abwana anati zagwirizana bwino, poti maphunziro a pa holide ali kumzinda komweko, mwana akhala ndi pofikira. Ine ndinangopezeka ndili kuchipinda ndikupinda zovala za Kadona m'sutikesi, iye ataima pafupi osandithandiza.

"Amayi, ndi za holide yokha. Maphunziro akatha ndibwera."

Ndinapinda diresi lina n'kuliika m'sutikesi.

"Komanso sindinaname kwambiri. Ndinati nthawi zina."

Ndinamuuza kuti asamaiwale juzi m'mawa, ndi kuti azakhali ake akamutuma azithamanga, poti sakonda kunena kawiri.

Panja tinakumbatirana, analowa m'galimoto ya azakhali ake, galimoto inanyamuka. Ndinaima pageti ndikuiyang'ana. Isanafike pakona inaima, n'kuyamba kubwerera chammbuyo. Ndinati mwana walankhula, wawauza zoona, akumubweza. Chitseko chinatseguka, Kadona anatsika, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuthamanga pamene a Zumu anakweza dzanja. Akuti pepani mayi, njinga yamoto inadutsa n'kuwononga mawu, tibwereze kuyambira pokumbatirana, ndipo ulendo uno ndiime chakuno kuti geti lisaoneke, ndi lopakidwa penti bwino kwambiri.

Tinabwereza. Musandifunse chifukwa chake, mwina poti kunali kumukumbatiranso. Ndinamufinya mpaka anadandaula kuti ndikumuphwanyira bokosi. Analowanso, chitseko chinatsekedwanso, galimoto inanyamukanso. Ndinadikira kuti iimenso. Sinaime. Pamenepo ndiye nzeru zinandibwerera, ndinathamangira pakati pa msewu dzanja lili m'mwamba, ndikukuwa kuti imani, mwana wanga atsike, sanagonepo ku shedi ngakhale tsiku limodzi. Magalasi a galimoto anali otseka. Abwana a bungwe anali atalowa kale m'galimoto yawo, akuyankha foni. Potembenuka ndinapeza kamera ili pa ine, a Zumu akunong'oneza mtsikana wojambulayo kuti asadule.

Holide inatha. Bambo ake anamulembetsa sukulu ya komweko, akuti yabwino, ya mabasi. Ndinapita kwa abale aja amene anagamula za "bola", ndipo aliyense ndinamupeza ali ndi kanemayo m'foni. Akuti ndidikire mitima izizire, poti ananena ndi mwana mwini wake, si iwo. Ndikaimba, foni amayankha ndi alamu, ndipo nthawi zambiri Kadona amakhala ali ndi kantchito kena kake kukhitchini. Ndikamupeza amalankhula mothamanga, akuti ali bwino, laputopu azakhali anaisunga m'kabati kuti isawonongeke.

A Zumu anakwezedwa, tsopano amayang'anira masukulu angapo. Tsiku lina anaima pageti panga kudzandipatsa moni, n'kufunsa ngati shedi ija ikadalipo, poti chaka chino kuli mwana wina waluso ndipo kuwala kwa m'menemo sanakupezenso kwina kulikonse. Ndinali ndi sizasi m'manja. Anaiona, n'kukumbukira kuti akuchedwa kumsonkhano.

Kanema wachiwiri anatuluka, ndipo akuti anakondedwa kuposa woyamba. Ali ndi nyimbo yachisangalalo. Muli Kadona akutsegula bokosi, Kadona pa bedi lalikulu, Kadona atavala diresi logula m'sitolo limene mpendero wake wapendekera kumanzere, ndipo m'bungwe monsemo palibe amene anaona. Chakumapeto muli ine. Ndili pakati pa msewu dzanja lili m'mwamba, ndipo chithunzicho anachichedwetsa kuti dzanjalo liziyenda pang'onopang'ono uku ndi uku. Mawu anga anawachotsa. Pansi analembapo kuti mayi akutsazika mwana wake amene wapeza tsogolo.

Makasitomala achuluka, ena ndi atsopano. Amandiuza ndikuwayeza kuti anandiona, ndinachita bwino kumulola mwana apite, si mayi aliyense angabayibitse chonchija. Ine ndimakhala nditaluma mapini, ndiye sindiyankha. Akachoka ndimaimitsa makina, ndimatenga foni n'kuonera kuyambira poyamba, chifukwa masiku ano mwana wanga ndimamuonera m'menemo. Ndikafika pamsewu paja ndimatsitsa nyimbo n'kuyang'anitsitsa pakamwa panga. Mawu onse akuoneka bwinobwino, oti atsike ali poyera, munthu sangawaphonye. Kungoti palibe wina amene amaonera atatsitsa nyimbo.